Mano a mwana akumera mokhota: mafunso a makolo pa zowongola mano, ndi za mantha a kwa dokotala wa mano

Awa ndi mafunso omwe makolo amandifunsa pafupifupi sabata iliyonse, ena ku kiliniki, ena pa WhatsApp usiku atanditumizira chithunzi cha mkamwa mwa mwana chojambula mounikira ndi tochi ya foni. Ndawaika pamodzi kuti amene muli ndi nkhawa yomweyi muwerenge mofatsa. Ntchito yanga ndi ya mano, koma mkamwa mwa mwana wanuyo sindinaonemo, nde zomwe zili panozi zisakulepheretseni kupita naye kuti akamuone.

Mwana wanga ali ndi zaka 7 zokha, mano ambiri sanaguluke nkomwe. Sikufulumira kumeneku?

Ayi mayi, sikufulumira. Bungwe la madokotala owongola mano ku America, la American Association of Orthodontists, limalangiza kuti mwana aonedwe koyamba asanapitirire zaka 7, kwathu kuno tingoti ali sitandade 1 kapena 2. Chifukwa chake nchakuti pa msinkhu umenewu mano akuluakulu, a moyo wonse aja, oyamba kumera kumbuyo amakhala atamera, akutsogolo nawo ayamba kusinthana, nde munthu wodziwa akangoyang'ana amatha kuona momwe nsagwada ya kumwamba ndi ya pansi zikukumanirana komanso ngati malo a mano omwe akubwera alipo okwanira.

Chomwe ndimafuna makolo mumvetse ndi ichi: kukaonetsa si kuyamba chithandizo. Ana ambiri a zaka 7 timangowayang'ana nkunena kuti zili bwino, mubwerenso pakatha miyezi 6 kapena chaka. Ma braces enieni aja, tizitsulo ndi mawaya owongola mano, ambiri amavala ali ndi zaka 11, 12, 13 mano oyamba, a ubwana aja, atatha kuguluka. Koma pali ana ochepa omwe vuto lawo likapezeka msanga limakonzeka ndi kachida kakang'ono m'miyezi yowerengeka, pomwe likachedwa limadzafuna kuzula mano abwinobwino mwinanso opaleshoni, ndipo anawa simungawazindikire muli kunyumba.

Mano oyambawa si adzaguluka basi? Kuvutikiranji nawo?

Funso ili ndi lomwe limandipweteka mtima kwambiri chifukwa ana ambiri omwe amadzathinana mano nkhani yawo imayambira pomwepa. Mano oyamba alipo 20, ndipo sakuti onse amaguluka mwana ali ndi zaka 6 kapena 7 ayi, magweru omwe timawaona pa msinkhu umenewu ndi akutsogolo okha. Akumbuyo otafunira aja amakhala mpaka zaka 10, 11, ena 12. Nthawi yonseyi dzino lililonse limakhala likusungira malo lalikulu lomwe likukula pansi pake. Nde dzino lakumbuyo likaola nkuzulidwa mwana ali ndi zaka 5, oyandikana nalo amayamba kusendera pang'onopang'ono kulowa pa mpata paja, mwini malo podzafika amapeza patsekeka, basi amatulukira chammbali kapena kukakamira mkati mwa nkhama.

Dzino loyamba likabowoka kaonetseni msanga kuti alimate lisanafike pozula. Ngati kuzula sikungapeweke, funsani ngati pakufunika kachitsulo kosunga malo, madokotala amati space maintainer. Si dzino lililonse lomwe limafuna kameneka koma kufunsa nkwaulere.

Ndionjezere china chomwe makolo ambiri sadziwa. Pa zaka pafupifupi 6 kumbuyo kwenikweni kumamera mano 4 akuluakulu, awiri mmwamba awiri pansi, ndipo amenewa samagulula dzino lililonse, amangomera mwakachetechete kuseri kwa oyamba aja. Nde chifukwa palibe lomwe lagwa, kholo limaganiza kuti nawonso ndi oyamba, akayamba kuda limati adzaguluka. Saguluka amenewo, ndi a moyo wonse. Ndaonapo ana a zaka 9 akubwera dzino limeneli litatheratu, ndipo ndi lomwe limakhala ngati mzati wa mano ena onse powongola.

Nanga ndi ziti zomwe ndikaziona sindikuyenera kudikira?

Muuzeni mwana alume mano ake akumbuyo pamodzi ngati akutafuna, inu muyang'ane. Mano akumwamba amayenera kuphimba apansi pang'ono kunja kwake, ngati chivindikiro pa poto. Mukaona dzino lakumwamba lakutsogolo lalowa mkati, kuseri kwa lapansi, pitani naye, chifukwa limakankha lapansilo mpaka nkhama yake kuyamba kutsika komanso limaperepeseka. Chimodzimodzi mukaona kuti potseka pakamwa chibwano chikupatukira mbali imodzi, nthawi zambiri zimatanthauza kuti nsagwada ya kumwamba ndi yopapatiza.

Dzino lalikulu lakutsogolo likamera mbali imodzi koma linzake osaoneka mpaka miyezi 6 kudutsa, pamafunika X-ray. Nthawi zina pamakhala kadzino kena koonjezera komwe kabisala mkati nkutseka njira, kakachotsedwa msanga lenilenilo limatsika.

Mano osongoka akumwamba aja amamera cha pa zaka 11 kapena 12, koma pofika zaka 10 mpaka 11 dokotala amayenera kuwamva ndi chala ngati kachotupa mmwamba mwa nkhama. Akapanda kumveka mwina asochera njira, ndipo osochera amatha kudya mizu ya mano oyandikana nawo popanda ululu uliwonse.

Zina ndi mano apansi omwe akuluma nkhama ya kumwamba mpaka kuchita bala, mano akumwamba otulukira kunja kwambiri moti milomo siikumana, ndi mwana yemwe amangokhala kukamwa yasa, usiku mkonono. Womalizayu kawirikawiri vuto limakhala m'mphuno kapena kukhosi, ma tonsils ndi zina zotupa kuseri kwa mphuno, nde amafunikanso dokotala wa makutu, mphuno ndi kukhosi.

Mano ake atsopano ndi akuluakulu, ali ndi mpata pakati, akuoneka moipa. Latsopano lina lamera kuseri loyamba lisanagwe.

Izi zambiri mwa izo ndi kakulidwe chabe. Mano akuluakulu amamera ndi saizi yawo ya munthu wamkulu pa nkhope ya mwana, nde amaoneka ngati makasu, nkhope ikamakula amakhala bwino. Mpata wa pakati pa mano awiri akumwamba pa zaka 8 kapena 9 kawirikawiri umachepa wokha osongoka aja akamatsika, chifukwa amakankhira anzawo pakati. Ndipo ukatsalako pang'ono si matenda, kwathu kuno ambiri gap timaikonda.

Zomera kuseri zija zimachitika kwambiri ku mano apansi akutsogolo. Ngati loyambalo likugwedera mulimbikitseni mwana aziligwedeza ndi lilime kapena chala choyera, likagwa lilime limakankhira latsopanolo kutsogolo lokha. Loyambalo likakhala kuti lalimba nga, osagwedera konse kwa miyezi ingapo, apo mpomwe timalichotsa.

Chonde chonde, osamanga mano a mwana ndi labala kapena ulusi kuti mpata utsekeke. Labala uja amatsetsereka nkulowa pansi pa nkhama osaoneka, amakwera kutsata muzu akudya fupa, mpaka mano onse awiri kugwedera nkuguluka. Zachitikapo kwa ana m'maiko ambiri ndipo mano amenewo sabwereranso.

Amayamwa chala mpaka pano. Chingaononge mano?

Mwana wa zaka 2 kapena 3 musalimbane naye, ambiri amasiya okha pofika zaka 4. Nkhawa imayamba akamapitiriza mano akuluakulu atayamba kumera, makamaka amene amayamwa usiku wonse ndi masana omwe. Chala chimakankhira mano akumwamba kunja, apansi mkati, pakati nkutsala bowo moti akaluma mano akutsogolo sakumana, ngakhale kudula nthochi ndi mano kumamuvuta. Nkhani yabwino njakuti akasiya ali wamng'ono, cha m'ma 7 kapena 8, bowo lija nthawi zambiri limachepa lokha.

Zopaka tsabola pa chala ine ndimakana, amadzitikita nacho m'maso. Kumunyoza pagulu nakonso kumangoonjezera, poti ambiri amayamwa akatopa kapena akakhala ndi nkhawa. Chomwe ndaona chikuthandiza ndi kugwirizana naye iyeyo, kumuonetsa pagalasi zomwe chala chikuchita, kumata kapulasitala pa chala kongomukumbutsa, sokosi kumanja pogona, nkumachonga pa kalendala tsiku lililonse lomwe wakwanitsa. Zikakanika pali kachida komwe amaika mkamwa, koma kameneko nkomalizira.

Tikayamba msanga ndiye kuti sadzavalanso ma braces akakula?

Apa ndikuuzeni zoona ngakhale si zomwe ambiri mumafuna kumva. Nthawi zambiri amadzavalabe. Chithandizo cha msanga chimakonza vuto limodzi, mwina kwa miyezi 6 mpaka chaka, kenako mwana amapuma tikudikira mano ena amere, akamera onse mpomwe timaona ngati pakufunika gawo lachiwiri. Nde munthu akakuuzani kuti lipirani pano kuti mtsogolo musadzalipirenso, mufunseni bwinobwino.

Pa nkhani ya mano otulukira kunja, a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2018 anaunika kafukufuku wosiyanasiyana nkupeza kuti ana omwe anayamba aang'ono nkudzamaliza atakula, ndi omwe anangodikira nkupanga kamodzi atakula, pamapeto mano awo amakhala ofanana ndithu. Phindu lomwe linaoneka kwa oyamba msanga ndi lakuti ochepa mwa iwo anathyola kapena kuvulaza mano akutsogolo. Nde kwa mwana yemwe mano ake ali panja kwambiri, wothamangathamanga, wampira, kapena yemwe anzake akumuseka mpaka kukana sukulu, kuyamba msanga kuli ndi nzeru. Kwa ena kudikira si ulesi, komanso kumapulumutsa ndalama ndi mtima wa mwana, poti mwana akavala zinthu mkamwa kuyambira zaka 8 amafika pa 13 atatopa nazo nthawi yomwe tikufuna kuti alimbikire kwambiri.

Funso loti mufunse dokotala ndi lakuti, tikapanda kuchita kanthu pano nkudikira zaka 2 kapena 3, chingaonongeke nchiyani? Dokotala wabwino sakwiya nalo funso limeneli.

Zida zake zimakhala zotani kwa ana aang'ono?

Si nthawi zonse mawaya mkamwa monse. Pali kapulasitiki kovula nkuvala kokhala ndi kasipuling'i kokankha dzino limodzi, pali ma braces ochepa pa mano akutsogolo okha, palinso chokulitsa nsagwada ya kumwamba chomwe amati expander. Chimenechi chimagwira ntchito chifukwa fupa la kumwamba kwa mkamwa mwa mwana limakhala mbali ziwiri zomwe sizinalumikizane kolimba, nde kholo limapatsidwa kakiyi kopotokolera pang'ono malinga ndi momwe dokotala wanenera, mbali ziwirizo nkumatalikirana, fupa latsopano nkumadzaza pakati. Pakaoneka mpata pakati pa mano akutsogolo musadzidzimuke, nchizindikiro choti chikugwira ntchito ndipo umatsekeka. Munthu akakula fupa lija limagwirana, nchifukwa chake ichi chimaphweka pa ana.

Mwana wanga akangomva zoti chipatala amayamba kulira. Ndipange bwanji?

Tiyambe ndi ife akuluakulu. Ndi kangati tanenapo kuti ukapanda kudya ndikakubayitsa jakisoni, kapena ukamadya maswiti adokotala akakuzula mano onse? Timanena kuti mwana amvere basi, osaganiza zambiri, koma iye amasunga. Tsiku lomwe mwamutenga kupita kwa dokotala wa mano, mumtima mwake akudziwa kuti walakwa ndipo akukalangidwa. Nde choyamba nkusiya mawu amenewa pakhomo, muwauzenso agogo, aanti ndi achimwene ake omwe amakonda kumuopseza ndi nkhani za pulayala.

Chachiwiri, ana ambiri kwathu kuno amakumana ndi dokotala wa mano koyamba tsaya litatupa, atagona masiku atatu osagona tulo, ndipo tsiku lomwelo nkubayidwa nkuzulidwa. Mwana ameneyu ukamuuza kuti usaope akukhulupirira bwanji? Ubwino wa ulendo wokaonetsa za kuwongola mano ndi womwewu, amapita palibe chikumupweteka, amakhala pampando, amamuwerenga mano, nkubwerera kwawo osamva kanthu. Ulendo umodzi wotere umachotsa mantha kuposa mawu onse omwe mungamuuze.

Muuzeni kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, osati mwezi wathunthu kuti azingoganiza, komanso osamunamiza kuti tikupita kutauni kukagula nsapato kenako nkutulukira pa kiliniki. Akakugwirani bodza kamodzi basi, ulendo wina sadzakukhulupiriraninso. Mawu ake achepe: mawa tikupita kwa adokotala a mano akaone momwe mano ako atsopano akumerera, akawawerenga ndi kagalasi kakang'ono. Zoti sizipweteka, sakubaya, usaope, zisiyeni, chifukwa mwina iye samaganizako nkomwe za kubaya mpaka inu mwatchula. Madzulo mutha kusewera naye, iye agone pamphasa inu muwerenge mano ake ndi kasupuni, kenako musinthane iye akhale dokotala. Ana amaikonda kwambiri imeneyi.

Ngati nkotheka sankhani nthawi ya mmawa asanatope, adye kaye, ndipo atenge chidole chake kapena chilichonse chomwe amachikonda.

Tsiku loyambalo kwenikweni kumachitika zotani?

Amakufunsani za umoyo wa mwana, mankhwala omwe amamwa, ngati anagwapo nkumenyetsa mano, ngati amayamwa chala. Nenani zonse, za mtima, khunyu, sickle cell, mphumu, vuto lotaya magazi nthawi yaitali. Kenako amamuyang'ana nkhope, kumuuza alume, kuwerenga mano. Mwina amujambula zithunzi, mwinanso X-ray yomwe makina ake amazungulira mutu iye ataima phee kwa masekondi ochepa, yosapweteka konse. Ena amatenga chikombole cha mano ndi phala lofewa lomwe limauma pakamphindi, limeneli ana ena limawachititsa ngati afuna kusanza, nde muuzeni aweramire kutsogolo pang'ono azipumira m'mphuno. Makiliniki ena ali ndi kakamera kojambula mano m'malo mwa phalali.

Ogwira ntchito ndi ana timaphunzitsidwa kumuuza kaye mwana chomwe tichite, kumuonetsa pa chala chake, kenako nkuchita mkamwa. Timagwirizananso kuti akafuna tiime akweze dzanja, ndipo akakweza timaimadi. Mwana akadziwa kuti ali ndi mphamvu yoimitsa, thupi lake limamasuka. Mukaona kuti komwe mwapita sakuchita zimenezi, pemphani mwaulemu.

Ma braces amapweteka?

Poika sipakhala jakisoni kapena kuboola dzino, amangotsuka mano, kupaka guluu wake nkumata tizitsulo, chotopetsa nkukhala kukamwa kotsegula nthawi yaitali basi. Ululu umabwera madzulo ake kapena mawa lake, mano amamveka ngati ofewa akaluma, ndipo zimatenga masiku 3 mpaka 5, kwa ena sabata. Muuzeniretu zimenezi, osabisa. Panado pa mlingo woyenera msinkhu wake amathandiza, ndi zakudya zofewa, phala, nsima yofewa ya mazira, mapeyala, nthochi, mbatata yophika, chambiko. Tizitsulo tikamakhula tsaya pali kaphula komwe amakupatsani komata pamwamba, ndipo kuchukucha madzi ofunda a mchere kumapoletsa tizilonda. Waya akatuluka nkumabaya, matani phula lija muimbe foni, musadikire tsiku la apointimenti.

Kunena zoona woopa ndine. Ndinazulidwapo dzino moipa ndili mwana.

Zikomo ponena, ambiri amabisa. Mwana amawerenga nkhope yanu, ndi momwe mwamugwirira dzanja mwamphamvu, musanalankhule nkomwe. Ngati mukudziwa kuti simupirira, apite ndi bambo ake, azakhali kapena wina wodekha yemwe mwana amamukhulupirira. Mukalowa naye khalani pomwe akukuonani koma lankhulani pang'ono, musiyeni dokotala acheze naye, poti anthu atatu akamalankhula nthawi imodzi mwana amasokonezeka. Nkhani ya dzino lanu lija mudzamuuze atakula.

Tinapita koma anakana kutsegula pakamwa, ndinachita manyazi.

Palibe chochititsa manyazi, timaziona tsiku ndi tsiku. Musamukalipire panjira kapena kumuyerekeza ndi mng'ono wake. Ngati anakhala pampando ngakhale osatsegula, muyamikireni pa chimenecho, ulendo wina adzapitirira pamenepo. Kuwongola mano si ngozi yoti lero lomwe, nde palibe chifukwa chomupanikizira manja ndi miyendo. Komanso mwana yemwe sanakonzeke sitimuika zida, chifukwa ntchito yaikulu, kuvala ndi kutsuka, adzaigwira ndi iyeyo kunyumba. Kwa ana omwe ali ndi autism kapena omwe phokoso ndi kuwala zimawasautsa, imbani foni musanapite kuti akupatseni nthawi yopanda anthu ambiri.

Adzasiya kudya chiyani? Nanga kutsuka?

Nzimbe zokha ndiye ayiwale kaye mpaka zida zitachoka. Chimanga chootcha kapena chokazinga, mtedza wokazinga, mango osapsa oluma ndi mano akutsogolo, kuphwanya mafupa a nkhuku, chingamu, maswiti omata, kutafuna bolopeni, zonsezi zimagulula tizitsulo, ndipo kalikonse kakaguluka ndi ulendo wina wa thiransipoti komanso nthawi yovala imatalika. Chimanga chophika mukhoza kumukonolera, zipatso kumudulira tizidutswa.

Koma choopsa kuposa kuguluka kwa chitsulo ndi shuga. Zakumwa zotsekemera, mafirizesi, masikono a kirimu pa buleki tsiku lililonse, pamodzi ndi kusatsuka bwino, zimasiya mabala oyera kuzungulira pomwe panali chitsulo, ndipo mabala amenewa ndi chiyambi cha kuola, amaonekera tsiku lochotsa ma braces mano atawongoka kale. Azitsuka kawiri patsiku kwa mphindi 2 ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka pogona, alavule koma asachukuche ndi madzi. Wa zaka 7 kapena 8 musamusiye yekha, muziyang'ana, akamaliza mubwerezeko kumbuyo. Ndipo ngati mano ali obowoka kale kapena nkhama zikutuluka magazi, timayamba takonza zimenezo, ma braces pambuyo.

Mano ake ali panja. Atagwa nkuguluka dzino ndipange chiyani?

Ngati ndi dzino lalikulu, la moyo wonse lija, litoleni mogwira kumutu kwake osati ku muzu, likakhala ndi dothi litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka osalikwecha, nkulibwezera pamalo pake mwana alume kansalu koyera. Mukaopa kubwezera liikeni mu kapu ya mkaka, osati m'madzi kapena pa pepala, nkuthamanga naye kuchipatala, ola limodzi lisanathe ngati nkotheka. Dzino loyamba lokha sitibwezera, lingavulaze lomwe likukula pansi. Wampira kapena wa masewero ogundana mupezereni chotchinga mano cha pulasitiki.

Anzake samuseka kusukulu?

Ena amaseka masiku oyamba kenako amazolowera. Ndi zovula nkuvala zija malankhulidwe amasintha kwa masiku angapo ndipo malovu amachuluka, nde ndi bwino kuyamba Lachisanu kapena pa holide, aziwerenga mokweza kunyumba lilime lizolowere. Auzeniko aphunzitsi ake. Mupatseni kabokosi kosungira, chifukwa zambiri zimatayika atakulunga pa pepala nthawi ya chakudya.

Ku Malawi kuno tipite kuti, ndipo tikonzekere bwanji za ndalama?

Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno, owongola mano enieni ndiye ochepetsetsa, ambiri opereka chithandizochi ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa mkamwa inakhazikitsidwa mu 2022, nde zinthu zikusuntha ngakhale pang'onopang'ono. Poyambira pabwino ndi ku dipatimenti ya mano pa chipatala cha boma lanu, komwe ma dental therapist amatha kuona mwana, kumata, kuchotsa dzino lokakamira, nkukutumizani ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Mzuzu kapena Zomba pakafunika. Kulikonse komwe mwasankha, muli ndi ufulu wofunsa ngati munthuyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi ndi komwe anaphunzira zowongola mano.

Za ndalama, pemphani akulembereni mtengo wonse musanayambe, muli X-ray, maulendo onse, kukonza zoguluka ndi ma retainer a kumapeto, zida zogwira mano kuti asabwerere komwe anachokera. Amene muli pa sikimu ya zachipatala funsani kaye ngati amalipira zowongola mano, musangoganiza. Muwerengerenso thiransipoti, poti ma braces amafuna kuonedwa pakatha masabata 4 mpaka 8 aliwonse, kawirikawiri kwa chaka ndi theka kapena zaka 2. Mwana wa ku Karonga kapena Nsanje, kapena yemwe akupita ku boarding fomu 1, nkhaniyi ikambidwe poyera ndi dokotala musanamate kanthu. Kuyamba nkusiyira panjira nkoipa kuposa kusayamba, mawaya okhala mkamwa chaka osaonedwa amaoletsa mano.

Abale omwe muli ku UK, NHS, zipatala za boma za kumeneko, imawongola ulere ana osakwana zaka 18 koma okhawo omwe vuto lawo lafika pa mlingo wina wake malinga ndi muyeso wotchedwa IOTN, ndipo amakutumizani ndi dokotala wanu wa mano wa nthawi zonse, mzere wake umatalika nde musachedwe kufunsa. Ku South Africa onani ngati dokotalayo ali m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko. Ndipo zomuikitsa mwana ma braces kunja pa holide nkubwera naye kumudzi popanda womuona, chonde pezani kaye woti adzapitirize.

Pa Facebook ndi TikTok akutsatsa ma braces otchipa, ena akuika kunyumba. Ndi abwino?

Ayi. Waya aliyense womatidwa pa dzino amalikankha, kaya amati ndi wa fashoni kaya weniweni, ndipo popanda X-ray palibe akudziwa komwe mizu ikulowera. Onjezani guluu wosadziwika ndi zida zosaphitsa. Atsikana a ku sekondale ndi omwe akukopeka kwambiri, nde makolo chezani nawo.

Akachotsa ndiye kuti zatha?

Patsala retainer. Mano amafuna kubwerera komwe anachokera, makamaka miyezi yoyambirira fupa lisanalimbe pa malo atsopano, komanso amasuntha pang'onopang'ono moyo wonse ngakhale kwa munthu yemwe sanavalepo kanthu. Retainer ina ndi kapulasitiki koonekera mkati kovala usiku, ina ndi kawaya komata kuseri kwa mano akutsogolo. Dokotala adzakuuzani maola ake, ambiri pano amalangiza kumavalabe usiku kwa nthawi yonse yomwe munthu akufuna mano akhale owongoka. Isatsukidwe ndi madzi otentha imapindika, isasiyidwe pomwe galu angaipeze, ndipo ikasweka kapena kutayika pitani sabata yomweyo akapange ina, chifukwa pakatha mwezi yakaleyo ngakhale itapezeka mwina siilowanso.